Kodi Buku Lanulo Linalembedwera Mwana wa ku Maramba?

Kodi mukuyembekezera mwana wanu woyamba? Ngati ndi tero, mwina wina wakubwerekani kale buku lachingelezi lonena za pakati, lokhala ndi chithunzi cha mayi womwetulira pachikuto. Mwinanso inu ndi mnzanu wa muukwati mwaonerera filimu ya nkhani imodzimodziyo. Kuŵerenga nkwabwino. Koma musanatsatire uphungu wa buku, dzifunseni mafunso aŵiri: Kodi linalembedwa liti? Nanga linalembedwera yani? Tiyeni tipime mabuku atatu ndi filimu imodzi ndi mafunso ameneŵa.

Buku Nalonso Limakalamba

Mu 1946 dokotala wa ku America, Benjamin Spock, anatulutsa buku lonena za kulera khanda limene ambiri amalidziŵa monga Baby and Child Care. Linagulidwa makope oposa 50 miliyoni, ndipo sizodabwitsa. Spock analankhula mokoma mtima, akumalimbikitsa makolo kunyamula mwana akalira mmalo mwa kuyang'ana koloko. Komabe, kuyambira kumapeto kwa ma 1950 bukulo linalangiza kugoneka khanda chafufumimba, poopa kuti lingatsamwe ndi masanzi. Pambuyo pake ofufuza anapeza kuti kagonedwe kameneka kamawonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo. Britain anayamba kuphunzitsa makolo kugoneka ana chagada mu 1991, America mu 1994, ndipo imfa zoterozo zinatsika ndi theka ndi kuposerapo.

Makope akale a mabuku otere sanathe. Amayendabe m'manja mwa anthu monga zovala za salaula. Chotero yambani mwatsegula tsamba losonyeza chaka. Malaya akale angakufundeni bwino, koma uphungu wakale ungavulaze mwana wanu.

Mkazi wa M'bukumo Sakhala ku Maramba

What to Expect When You're Expecting, lolembedwa ndi Heidi Murkoff pamodzi ndi amake ndi mchemwali wake, linatuluka mu 1984 ndipo lakonzedwanso kangapo. Ubwino wake ngwakuti limakutengani mwezi ndi mwezi, likumayankha mafunso amene mtsikana amachita manyazi kufunsa apongozi. Kuipa kwake nkwakuti limandandalika mavuto ambirimbiri, aakulu ndi aang'ono, kotero kuti woŵerenga watsopano angagone ndi mantha chifukwa cha nthenda imene imagwera oŵerengeka chabe.

Ndiponso mkazi amene bukulo likulankhula naye ali ndi dokotala wakewake, galimoto pakhomo, ndi chipinda chapadera cha khanda. Kwawoko malungo si nkhani ya tsiku ndi tsiku. Koma inu mukapita kuchipimo pa kiliniki ya Maramba, anamwino adzakuuzani za kugona m'neti ndi kumwa Fansidar miyezi 3 yoyamba ikatha. Adzakupimani magazi kuona ngati muli ndi HIV kapena chindoko. Chiyambire 2013, m'Zambia mayi wapakati wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV nkupitiriza moyo wake wonse, kuti ateteze iye mwini ndi mwana. Buku la ku America silingakulongosolereni dongosolo limeneli.

Nanga Filimu?

Mu 2012 dzina la buku lomwelo linapatsidwa kwa filimu yoseketsa imene muli Cameron Diaz ndi Jennifer Lopez. Musainyoze yonse. Imasonyeza mtsikana amene wapita padera, ndi mkazi wina amene analemba buku lonena za kuyamwitsa koma pakati pake pamuvuta kufikira achitidwa opaleshoni. Anyamata inu, onaninso gulu la atate akuyenda ndi makanda awo popanda manyazi. Phunziro limenelo nlofunika kuno kwathu.

Koma filimu imafuna kuti museke, ndipo maola aŵiri asanakwane zonse zatha bwino m'chipatala choŵala. Kubadwa kwa mwana woyamba kaŵirikaŵiri kumatenga maola ambiri. Palibe aliyense mufilimumo amene akudzifunsa kuti ndalama ya takisi adzaipeza kuti ngati anamwino anena pakati pa usiku kuti mayi apite ku chipatala chachikulu cha Livingstone. Funso limenelo nlanu, ndipo liyankheni mwezi wa 9 usanafike.

Kabuku Kopanda Zokometsera

Facts for Life kanatulutsidwa choyamba mu 1989 ndi UNICEF, WHO ndi UNESCO. Mulibe nthano kapena nthabwala, ndipo kamalankhula mouma monga chikwangwani cha pakhoma la kiliniki. Komabe, pa mabuku atatuŵa, ndiko kanalembedwera mabanja onga athu. Kali ndi mitu ya malungo, kutsegula m'mimba, katemera ndi kuyamwitsa, ndipo kamatchula zizindikiro zimene siziyenera kudikira mbandakucha. Zidziŵeni: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kukomoka, kutentha thupi, ndi kutupa nkhope ndi manja. Mwana akaleka kugunda m'mimba, thamangiraninso kuchipatala.

Ngakhale kabuku aka kafunikira funso la chaka. Kope loyamba linanena za kuyamwitsa bere lokha kwa miyezi 4 kufikira 6, koma kuyambira 2001 WHO imati miyezi 6 yathunthu. Kope la 2010 limanena za kupita kuchipimo maulendo osachepera 4, pamene mu 2016 WHO inakweza chiŵerengerocho kufika pa 8, ulendo woyamba milungu 12 isanathe.

Chitani Izi

Pimani mawu a alangizi ndi azakhali ndi muyezo womwewo. Amadziŵa kusambitsa khanda ndi kulibereka ndi chitenje kuposa wolemba aliyense wa kunja. Koma wina akakupatsani mankhwala achikuda ofulumiza kubereka, kapena akanena kuti mkaka woyamba wachikasu ngwoipa, kanani mwaulemu. Mkaka umenewo ndiwo chitetezo choyamba cha mwana.

Chotero ŵerengani, ndipo ŵerengani aŵiri, mwamuna ndi mkazi. Lembani papepala chilichonse chimene chakudabwitsani kapena kukuopsani, ndi kupita nalo kuchipimo pamodzi ndi khadi lanu. Safunsa anadya phula. Buku ndi namwino akasiyana mawu, mverani amene wakupimani mimba ndi manja ake.