Za Mawu Akuti "Shuga ndi Nthenda ya Amwenye"

Alipo mawu amene amveka kawirikawiri m'midzi ya kwa Njewa, akuti nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi nza Amwenye ndi anthu achuma a m'tauni. Mawu amenewa ayenera kuyesedwa, pakuti ambiri agona nawo tulo, nthenda ili pakhomo.

Choona chilimo pang'ono. Ku India, kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2023 anapeza kuti odwala shuga apitirira 100 miliyoni, ndipo madokotala adziwa kuti nthendayi iwagwira anthu a mtundu umenewo angakhale asananenepe kwambiri. Koma si magazi a makolo okha ayi. Mpunga woyeretsa, tiyi wa shuga wambiri, zokazinga m'mafuta, fodya, ndi kukhala pampando tsiku lonse, izi ndizo zinaikuza nthendayo, kufikira inalowa ndi m'midzi ya alimi a kumeneko.

Tsono tadziyang'anani, abale. Mgaiwa tiuyesa chakudya cha amphawi, ndipo tithamangira ufa woyera. Pa Nsaru, pa Mpingu ndi pa Namitete, ndalama za fodya zikabwera, zambiri zithera pa mandasi, chipisi, zakumwa zotsekemera ndi kachasu. Ulendo umene makolo anayenda pansi, ife tikwera kabaza. Munthu akatuluka mimba timtama kuti zikumuyendera. Nanga tisiyana pati ndi iwo amene tiwaloza chala?

Kafukufuku wa m'Malawi muno wa 2009 anaonetsa kuti mwa akulu atatu alionse a zaka 25 kufikira 64, mmodzi magazi ake anali kuthamanga kopitirira, ndipo ochuluka sanadziwe konse. Wotere akagwa mwadzidzidzi nafa ziwalo, abale athamangira kwa sing'anga, nanamizira nkhalamba yosalakwa kuti ndiyo mfiti. Apa ndipo aonekera kuipa kwake mawu aja: aphetsa wodwala, napasula mudzi.

Chifukwa chake tiwataye. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiwo kasupuni kamodzi, monga lilangiza bungwe la WHO. Mgaiwa, nyemba ndi masamba zibwerere m'mbale. Ndipo aliyense wamkulu apite kukayezetsa magazi, kaya ku St Gabriel ku Namitete kaya ku Kabudula, thupi lisanayambe kupweteka. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.