Luso la Wowakha Mnzake M'malere

Pa 10 July 1982, mumzinda wa Tucson ku America, mnyamata wa ku Mexico dzina lake Miguel Vazquez anataya katungwe wake m'malere n'kupidiguka kanayi asanagwidwe. Palibe munthu amene anali atachitapo zimenezi pamaso pa oonerera. Mbiri ya masewero a sekasi imasunga dzina lake, ndipo n'zoyenera ndithu. Koma amene anamuwakha, atalendewera chadodolido pa katungwe wina, anali mchimwene wake Juan. Ine ndimaona kuti luso lakuya la ntchito imeneyi lili m'manja mwa anthu ngati Juan, amene maso a khamu amangowadutsa.

Wouluka akangosiya katungwe, njira yake yatha kulembedwa. Sangawonjezere liwiro, sangasinthe kolowera. Chimene angathe n'kudzipinda kuti azungulire msanga kapena kudzitambasula kuti achedwe. Wowakha ndiye amakonza zotsalazo. Amayamba kuyendetsa katungwe wake mnzakeyo asananyamuke, amawerenga kayendedwe ka akatungwe onse awiri, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amapereka chizindikiro chonyamukira. Akakumana, sagwirana zikhato monga popatsana moni ayi. Amagwirana pamkono, aliyense kukumbatira polumikizira dzanja la mnzake, kuti wina zala zikaterereka winayo akhale atagwirabe. Kenaka kulemera konse kwa thupi louluka kumagwera m'mapewa mwa wowakha, iye n'kukulandira mofewa kuti mafupa a mnzake asaguluke.

Pali chinanso chimene oonerera sachidziwa. Wowakha wabwino amadziwa nthawi yosagwira. Mnzake akafika mopendekeka, kumukoka ndi mkono umodzi kungamuthyole phewa kapena kumuponya kunja kwa ukonde wotambasulidwa pansi pawo. Ndi bwino kumuleka agwere mu ukondemo chagada, monga anaphunzirira. Chiganizo chotere chimapangidwa m'kuphethira kwa diso, ndipo palibe amene amachiombera m'manja. Akuluakulu anati katungwe amakoma n'kukankhana, koma kuno wokankhayo wanyamulanso moyo wa mnzake.

Jules Léotard, amene anayambitsa masewerowa ku Paris mu 1859, analibe womuwakha. Ankangolumpha kuchoka pa katungwe wina kupita pa wina. Kubwera kwa wowakha ndiko kunatsegula njira ya zipidigoli zitatu ndi zinayi. Alfredo Codona, yemwe anatchuka ndi zitatu m'zaka za m'ma 1920, ankagwera m'manja mwa m'bale wake Lalo. Sizodabwitsa kuti magulu ambiri otere amakhala a banja limodzi: kukhulupirirana kwa mtundu umenewu sikumangika m'mwezi umodzi.

Nanga munthu angadyere ntchito imeneyi? Angadyere, koma mpamba wake ndi thupi lokha, ndipo thupilo limatha msanga. Codona mwiniwake anasiya kuuluka atavulala phewa. Mkazi wake Lillian Leitzel anamwalira mu 1931 atagwa pa sewero ku Copenhagen chitsulo chogwira chingwe chake chitathyoka. Ngakhale kampani yaikulu ngati Cirque du Soleil ya ku Canada, yomwe inayamba mu 1984, inataya wosewera Sarah Guyard-Guillot pa ngozi ku Las Vegas mu 2013, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo mu 2020 inaimitsa pafupifupi antchito ake onse. Chimandiwawa n'chakuti zikwangwani zoitanira anthu zimagulitsa ngozi, pomwe chofunika kugulitsidwa ndi luso lopewa ngoziyo, lomwe limadya zaka.

Nkhaniyi si yakutali. Ku Lusaka, achinyamata a m'komboni ya Chibolya anayambitsa gulu la Circus Zambia, ndipo ku Cape Town sukulu ya Zip Zap yakhala ikuphunzitsa ana kuyambira 1992. M'masewero awo okwerana pamapewa, mwana aliyense amafuna kukhala wapamwamba, poti ndiye wojambulidwa. Komatu wapansi, amene amaponda molimba n'kumva ndi mapewa kumene mnzake akupendekera, ndiye amatha kukhalitsa pantchito, ndipo mawa ndiye amadzakhala mphunzitsi wodalirika.

Inu oitana magulu amenewa kuzikondwerero, lipirani wapansi mofanana ndi wapamwamba, ndipo musanasainirane mgwirizano funsani amene adzalipire kuchipatala wina akavulala.