Chipanda ndi Botolo: Za Nyumba Yomwera Moŵa ku Nkhulambe

Munthu wochokera ku Phalombe akadutsa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, natsikira ku Nkhulambe dzuŵa litaloŵa, nyumba imene adzaipeza yotsekula, nyali ikuyaka, kaŵirikaŵiri ndi yomwera moŵa. Popeza ndiyo imayamba kukumana ndi mlendo, nkoyenera kuti tiiweruze, koma mwachilungamo.

Njira imeneyi ndi yakale. Pa mpatawu ogula akapolo ankadutsa ndi anthu m'magoli kupita kugombe la Quelimane, ndipo pofuna kuŵatsekereza Angerezi adamangapo linga la Fort Lister m'chaka cha 1893. Pambuyo pake Alomwe ambiri adaloŵa kuchokera ku Mozambique pothaŵa nkhanza za Apwitikizi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kudafikanso othaŵa nkhondo. Tsono ambiri a kuno ndi zidzukulu za alendo amene munthu wina adaŵapatsa mkeka ndi madzi akumwa.

Masiku a makolo moŵa unalibe nyumba yakeyake. Amayi ankafulula masese, amene Alomwe amati otheka, pa dima, pa ukwati kapena pokumbukira malemu. Mwini moŵa ankayamba kulaŵa pamaso pa onse kuti mlendo asaope kanthu. Wapaulendo ankaitanidwa, nafunsidwa malonje, ndipo chipanda chimodzi chinkazungulira bwalo lonse. Ngakhale pamene masese adayamba kugulitsidwa, cholaŵa chinali chaulere. Sindikunena kuti kale kunalibe zidakwa, zinalipo ndithu. Koma moŵa unali ndi tsiku lake, ndipo mbiya ikauma anthu ankabalalika.

Nyumba ya lero idabadwa ndi ndalama. Fakitale ya Carlsberg idatsekulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1968, Chibuku nacho chidafika m'misika ya kumidzi, ndipo kachasu, amene dzina lake tidabwereka kwa Apwitikizi, adapeza mpando pakati pa ziŵirizi.

Tisaimane chiyamiko chimene ikuyenera. Wogulitsa nsomba za ku Chilwa, njinga itamuthera panjira, amapeza pamenepa khonde lousapo. Uthenga wa maliro, mtengo wa nandolo ndi mbiri ya ganyu zimamveka msanga pamenepa. Mkazi wamasiye wambiri waphunzitsa ana ake ndi ndalama za mbiya.

Koma cholakwa chake nchachikulu. Chipanda chinali cha onse, botolo ndi la amene walipira. Mlendo safunsidwanso kumene akuchokera, amayang'anidwa m'thumba. Ali nazo, ndi “bwana”. Zikamuthera, amatulutsidwa kumdima. Ndipo mbiya yake siuma. Boma lidaletsa moŵa wa m'masacheti m'chaka cha 2015, koma ludzu lidangosamukira m'timabotolo. Inu amayi mukudziŵa bwino kumene imathera ndalama ya nandolo mwezi wokolola. Nyumba imene imasangalatsa bambo ana ake atagona ndi njala siilandira alendo, ikudyera m'nkhokwe za eni mudzi.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa madzi, miyala ndi mchenga kuchokera m'mapiri, naononga midzi, misewu ndi chipatala cha Nkhulambe. Masiku amenewo anthu amene nyumba zao zidatsala adalandira anzao osafunsa tambala. Mtima wa chipanda sudafe ayi, udangosoŵa pokhala.

Choncho pempho langa kwa inu eni malo aŵa ndi laling'ono. Ikani mtsuko wa madzi ndi thobwa pakhomo, kuti wosamwa ndi wopanda ndalama akhale naye pansi. Musamgulitse mwana, musamuwonjezere woledzera, ndipo muzitseka nthaŵi yabwino. Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akadzakwera mpata wa Fort Lister m'maŵa mwake, kodi adzakasimba zotani za ife?