Musaidetse Concorde

Pali chizolowezi chimene chalowa pakati pa opanga tizifanizo ta ndege ta pulasitiki, ndipo ine chandikwana. Munthu akangomaliza kumata ndi kupenta, amatenga utoto wakuda wamadzimadzi n'kuuyendetsa m'timizere tonse ta pathupi la ndegeyo, kenako n'kuwonjezera mwaye ndi madontho a mafuta, ati kuti ioneke yogwira ntchito. Pa Spitfire kapena pa thanki yankhondo, detsani mmene mtima wanu ukufunira. Koma pa Concorde, ayi ndithu.

Tawerengerani nokha. Concorde inali yotalika mamita pafupifupi 62. Kachifanizo ka sikelo ya 1/144, monga ka Airfix kapena ka Revell, kamatalika masentimita 43. Kamzere ka mamilimita 0.2 pa kachifanizo kotere kakuimira mpata wa masentimita pafupifupi 3 pa ndege yeniyeni. Ndege yothamanga kuwirikiza kawiri liwiro la mawu ingakhale ndi ming'alu yolowa chala thupi lonse? Komabe mizere yakudayi ndi imene imakopa maso pa mipikisano, chifukwa imaonekera patali, pomwe kusalala kumafuna munthu awerame kaye.

Concorde sankaipaka zoyera pofuna kukongoletsa chabe. Ikafika pa Mach 2, kuwirikiza kawiri liwiro la mawu kuja, mphuno yake inkatentha mpaka madigiri 127, ndipo thupi lonse linkatalika ndi masentimita oposa 15. Utoto woyera unkathandiza kuchepetsa kutenthako. Mu 1996 Air France itapaka ndege yake imodzi utoto wabuluu wa Pepsi, mapiko anawasiya oyera, ndipo oyendetsa analangizidwa kuti asapitirire mphindi 20 pa liwiro lalikululo. Wodetsa zoyera za Concorde ndiye kuti sanaimvetse ndegeyo.

Ndiye luso lili pati? Lili pa msoko. Thupi la kachifanizoka limabwera mbali ziwiri zazitali, zowonda ngati bango, ndipo pomwe zakumana pamatsala mzere kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Apa ndi pamene ndimathera masabata, mosangalala. Guluu akauma ndimapaka putty pang'ono, n'kudikira tsiku lonse chifukwa imafota. Kenako sandipepala wonyowa, kuyambira wa 600, kubwera wa 1200, mpaka wa 2000, nditamukulunga mozungulira thupi kuti msana wa ndege usaphwatalale. Ndikatero ndimatseka maso n'kuyendetsa chikhadabo. Chikakodwa penapake, ntchito sinathe, ngakhale diso likunena kuti yatha.

Utoto woyera ulibe chifundo: umaulula kakanda kalikonse, ndipo sukwirira msanga. Wopupuluma amauthira wambiri nthawi imodzi, utoto n'kuyenderera, mphepete mwa mapiko, mopyapyala mochititsa kaso muja, n'kunenepa ngati mlomo wa mphika. Yambani ndi primer yoyera, osati yotuwa. Ndi airbrush, phulizani mopepuka kanayi kapena kasanu, mukudikira kuti paume, ndi kupukuta pakati pake ndi sandipepala wosalala koposa. Samalaninso ndi vanishi wamafuta, poti ena amasanduka achikasu pakapita zaka. Zikayenda bwino, kuwala kwa nyale kumatsetsereka kuchokera kumphuno mpaka kumchira osadukiza paliponse. Zikatero ine ndimangokhala phee, kuyang'ana.

Za mipando ndi mawotchi a m'chipinda cha oyendetsa musandifunse. Kudzera m'timazenera timeneto palibe adzaziona. Mphuno yogwedera, yoti alendo azikweza ndi kutsitsa, ndi ya zidole. Sankhani kamodzi: yowerama madigiri 5 ngati ikunyamuka, 12.5 ngati ikutera, kapena yowongoka, n'kumata.

Mwaye ndimaulola pamalo amodzi okha, kumbuyo kwa mainjini anayi a Olympus 593, poti ankafukadi utsi ponyamuka. Pakani pamenepo pang'ono, kenako tsekani botolo lakudalo mulibweze m'kabati.