Kutumika ndi Kutumikira: Kuunika Kafukufuku wa Serpell pa Nzeru za Ana a ku Katete

Buku la Robert Serpell, The Significance of Schooling, limene linasindikizidwa ndi Cambridge University Press m'caka ca 1993, limawerengedwa ngati buku la zamaganizo ndi zamaphunziro. Koma mizati imene yacirikiza denga lake ndi mau a Cicewa, makamaka atatu awa: nzeru, kucenjera ndi kutumikira. Conco ife a zinenero tili ndi ufulu wogogoda mizatiyo kuti timve ngati yonse ili yamoyo kapena ina inalowa ciswe.

Serpell asanapite ku Katete, cizolowezi ca ofufuza cinali kubwera ndi mayeso opangidwa ku Ulaya. Ochuka anali a Jean Piaget, monga aja oonetsa mwana mipira iwiri yadongo yolingana, nkuphwatalala umodzi iye akuona, kuti adziwe ngati mwanayo azindikira kuti kulemera kwake sikunasinthe. Alastair Heron ndi mnzake anayesa ana a m'Zambia mwa njira yotere, ndipo lipoti lao la 1969 linati ana ambiri ndithu sanaonetse kuzindikira kumeneku. Zotere zinali zosavuta kuziwerenga ngati umboni wakuti mwana wa kuno amacedwa kukhwima m'mutu. Yankho la Serpell, la m'caka ca 1979, ndilo gawo la nchito yake limene sitikayika nalo mpang'ono pomwe. Anapempha ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester kuti atengere zithunzi zimodzimodzi, pena ndi pensulo, pena ndi waya, pena poumba. Pa pensulo a ku Manchester anapambana, pa waya a ku Lusaka anapambana, ndipo pa kuumba sanasiyane kwenikweni. Aliyense amene anaonapo anyamata akupinda magalimoto a waya m'makomboni sangadabwe nazo. Mayeso amayesa mwana pamodzi ndi cida cimene wapatsidwa.

Ku Katete, kuyambira 1973, Serpell anatembenuza funso. M'malo mongoyesa ana, anafunsa akuluakulu a m'midzi kuti mwa ana amene akuwadziwa angasankhe uti pa nchito yakutiyakuti yosazolowereka, ndipo cifukwa ninji. Pa zifukwa zimene anamva anamangapo mfundo yakuti kwa Acewa nzeru zili ndi mbali ziwiri: kucenjera, kumene kuli cangu ca mutu, ndi cimene iye analemba kuti tumikila, m'mene anaikamo kumvera ndi kukhulupirika. Anapezanso kuti ana amene akuluakulu anawatama sanali kwenikweni omwe anakhoza bwino mayeso ake, ngakhale mayesowo anakonzedwa ndi zinthu za komweko.

Pa kucenjera tivomerezana naye. Liuli lili ndi nkhope ziwiri, ndipo Mcewa aliyense amazidziwa. Kalulu wa m'nthano ndi wocenjera, koma palibe kholo limene lingamusungize nkhokwe. Tikati munthu wandicenjerera, sitikumutama. Mwambi wa nzeru zayekha amene anaviika nsima m'madzi ukuonetsanso kuti mutu wakuthwa wopanda anthu umasekedwa.

Vuto lili pa mzati wacitatu. Tsinde lake ndi -tuma. Tikaonjezera -ik- tipeza -tumika, ndipo mwana wotumika ndi uja amene ukamupatsa uthenga umafika wathunthu, amene akapeza mlatho utakokoloka amafuna pena powolokera, osabwerera kudzanena kuti njira yatsekeka. Koma -tumikira, m'kakambidwe ka masiku onse, ndi kugwirira wina nchito: munthu atumikira mfumu, atumikira alendo, atumikira pa mpingo. Liu loyamba likamba za khalidwe limene lili mwa mwanayo. Laciwiri likamba za malo ake pansi pa wina. Serpell, pomasulira m'Cingerezi, amatsindika za kusenza udindo pakati pa anthu, ndipo tanthauzo limeneli ligwirizana bwino ndi kutumika. Koma liu limene lafalikira m'mabuku a kunja ndi lacinalo. Wina anganene kuti anthu a ku Katete amasakaniza mau awiriwa pokamba, ndipo nkutheka. Ngati zili tero, kusakanizako nkumene kunafunika kufufuzidwa, pakuti mphunzitsi wa ku Chadiza kapena ku Sinda akamva kuti theka la nzeru ndi kutumikira, adzamva kuti mwana wanzeru ndi uja wosesa ofesi ndi kutungira aphunzitsi madzi.

Pali cinanso cokhudza kafunsidwe. Ukafunsa munthu wamkulu kuti ndi mwana uti amene angamupatse nchito, wamuika kale pa mpando wa wotuma, ndipo nzosadabwitsa kuti mayankho ake adzanunkha kutuma. Akadafunsidwa kuti ndi mwana uti amene amamasula zirapi msanga, kapena amene sagonja pa nsolo, mwina muyeso ukadapendekera kwina. Sitikunena kuti mfundo yonse inabadwa m'funso. Pierre Dasen anapeza zofanana pakati pa Abaoulé a ku Côte d'Ivoire, ndipo Elena Grigorenko ndi anzake, m'caka ca 2001, anaonetsa kuti Aluo a ku Kenya amaika ulemu ndi kumvetsa pamodzi ndi luso la mutu. Cimene tikukayika ndi kulemera kwa mbali ziwirizi, ndiponso kuti pa gawo limeneli oweruza ndi akulu okha. Ana nawo ali ndi muyeso wao wa mnzao wanzeru, umene amaugwiritsa nchito kubusa ndi kumasanje kumene kulibe wamkulu.

Liu la kumvera nalo lifunika kulisenda. Licokera ku -mva, limene limatanthauza kumva ndi khutu, kumva m'thupi, ndiponso kuzindikira. Mphunzitsi akafunsa kalasi kuti mwamva, ana nkuyankha onse pamodzi kuti inde, palibe amene adziwa kuti ayankha -mva uti. Mwana wofatsa, wosafunsa, amaoneka womvera, ndipo ngati tamuuza mphunzitsi kuti kumvera ndi gawo la nzeru za makolo athu, tamupatsa ndodo yokhalitsira cete mwana wofunsafunsa. Amene adzalipira kwambiri ndi atsikana, pakuti ndiwo amatamidwa msanga cifukwa ca kufatsa ndi kutumidwa pakhomo. Serpell mwini sanafune zotere. Citsanzo cimene iye anaciyamikira pambuyo pake ndi ca njira ya Child-to-Child ku Mpika, kumene ana a sukulu anali kulondola kakulidwe ndi thanzi la ang'ono ao, nchito yofuna kuganiza ndi kuwerengera. Koma buku likacoka m'manja mwa mwini wake limayenda ndi mau ake, osati ndi zolinga zake.

Gawo limene limakhudza mtima ndi la maulendo a moyo wa anawo, amene anawalondola kwa zaka zoposa khumi. Ambiri sanapitirire pulayimale, ndipo pofotokoza cifukwa cake anali kudziimba okha mlandu, ngati kuti mitu yao ndiyo inacepa, pamene malo a ku sekondale ndiwo anali ocepa. Serpell akunena zoona kuti sukulu yotere imayesa kupambana ndi kumucotsa mwana pamudzi. Ife tingaonjeze kuti anawa analowa sukulu pamene lamulo la 1966 linali litaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mwana amene pamudzi anali wotumika anafika m'kalasi m'mene sakanatha kutumika konse, cifukwa uthenga weniweniwo sanali kuumva. Eddie Williams, m'lipoti lake la 1998, anapeza kuti ana a ku Malawi, amene anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, anali kuwerenga cinenero cao bwino koposa ana a m'Zambia, pamene pa Cingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Dziko lino linayambanso kuphunzitsa kuwerenga m'zinenero zathu ndi Primary Reading Programme ca m'ma 1999, ndipo mu 2014 linaziika kukhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inabwezeranso Cingerezi patsogolo. Amene adzayese ana a m'ndondomeko imeneyi ayenera kukumbukira za waya ndi pensulo asananene kuti ana a kumudzi ndi ogona.

Catsala ndi nchito ya ife eni cinenero. Pophunzitsa aphunzitsi timati kukula kwa nzeru, tikufuna kunena cimene Piaget anali kuyesa. Koma ngati Serpell walondola, liu la nzeru limadza litasenza kale khalidwe, ndipo wophunzira wathu amamva zambiri kuposa zimene tanena. Kakulidwe ka kaganizidwe nkolemera pa lilime, koma sikanyenga. Tikadakonda kuti pakhale wopita ku Katete ndi cojambulira mau, osati kukafunsa kuti wanzeru ndani, koma kukachera khutu pamene agogo akudzudzula mdzukulu, pamene atsikana akukangana pa dambo, pamene nkhoswe zikuweruza mlandu, nkuwerenga kuti kutumika kwamveka kangati, kutumikira kangati, ndipo pakamwa pa yani.