Funso la Mayi wa Tomato

Loweruka lina m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa, achinyamata asanu ndi awiri anafika pa msika wa Lundazi atanyamula ng'oma ziwiri ndi chimkuzamawu. Anavala masikipa ofanana, uthenga uli kumsana. Ng'oma zitangolira anthu anaunjikana: anyamata a njinga, amayi a nyemba ndi nsomba zouma, ana amene anatumidwa mchere n'kuiwala. Ine ndinabwera kudzagula mtedza, koma ndinaima kuseri kwa mulu wa kabichi mpaka sewero linatha. Gululo ndi bungwe limene linawatuma sindizitchula maina, chifukwa masewero otere ndaonapo ambiri, ku Chipata ndi m'makomboni a Lusaka, ndipo nthenda yake ndi imodzi.

Nkhani yake mukuidziwa kale ngakhale simunalipo. Bambo wina chidakwa ali ndi mwana wamkazi wa Giredi 8. Kukubwera mdala wa golosale, thumba lili tho, ndipo bambo akuvomera ukwati mkazi wake akulira. Mtsikana akutenga pakati, akuvutika pochira. Kenaka akulowa munthu wovala bwino, fayilo ili m'khwapa, n'kuima pakati pa bwalo kufotokoza kuti lamulo la 2023 likuletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa pamwambo, ndiponso kuti kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zofunika kuzimva. Bambo akugwada, akupepesa, onse akuimba nyimbo yotsekera.

Ndiyambe ndi kuyamikira. Mnyamata amene anasewera bambo ali ndi mphatso. Osewera ambiri akapatsidwa mbali ya chidakwa amadzandira mopitirira muyeso, koma iye ankayesetsa kuyenda mowongoka, mosamala kwambiri, monga achitira woledzera weniweni amene safuna kuti apongozi adziwe. Atalandira ndalama anaziwerenga kawiri akunyambita chala, n'kubisa imodzi m'sokosi asanaonetse mkazi wake. Msika wonse unafa nacho chiseko, chifukwa aliyense anakumbukira munthu wina wa kwawo.

Pomwepo mayi wina wogulitsa tomato anafuula m'Chitumbuka, kufunsa kuti nanga munthuyo feteleza agula ndi chiyani. Mpaka apo seweroli linali m'Chinyanja cha ku Lusaka chothira Chingerezi, pa msika umene anthu ambiri amatsatsa ndi kukangana m'Chitumbuka. Mnyamata uja sanadodome. Anatembenuka, akadali bambo woledzera yemwe uja, n'kuyankha m'Chitumbuka kuti thonje anagulitsa koma ndalama zonse zinatsalira ku ngongole ya mbewu ndi mankhwala, ndiye kaya mayiwo ndiwo am'bwereke. Bwalo linayaka moto. Bambo wina anati vuto ndi masikelo a ogula mbewu. Mayi wina anati ngakhale zivute bwanji mwana si mbuzi yoti n'kugulitsa. Mtsikana wa yunifomu amene anali pafupi nane anangoti duu, maso ali pa woseweraso. Zinatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenaka woyang'anira gulu anakweza chimkuzamawu n'kupempha kuti tipitirize pulogalamu, ndipo munthu wa fayilo uja analowa.

Mphindi zimenezo ndizo zinali sewero lenileni la tsikulo, ndipo eni ake analizimitsa okha. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Sewero lotumidwa limabwera ndi yankho lolembedwa kale, ndipo oonerera ntchito yawo n'kuvomera. Woipa amakhala yemweyo nthawi zonse: bambo wosauka, gogo wosaphunzira, sing'anga. Wopulumutsa amachokera ku ofesi. Mtengo wa thonje, sikelo yonama, mtunda umene mwana wa kumudzi amayenda kuti akafike ku sekondale, zonsezi sizilowa, chifukwa amene analipira sewero sanalipirire zimenezo. Boma linachotsa fizi mu 2022, koma yunifomu, sopo ndi chakudya cha mwana wogonera kutali ndi kwawo zimafunabe ndalama, ndipo mayi wa tomato amadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Sewero likamamuuza kuti vuto lonse ndi umbuli, amaseka pamene pali poseketsa n'kubwerera ku malonda ake osasintha maganizo.

Chondiwawa n'chakuti dera lino silisowa aphunzitsi a luso loyankhula zowawa pagulu. Taonani vimbuza ya Atumbuka. Ovina ambiri ndi amayi, ndipo m'nyimbo zake mkazi amatha kutulutsa zimene sanganene masana pamaso pa mwamuna kapena apongozi, mudzi wonse ukuomba m'manja ndi kuvomereza. Taonani Gule Wamkulu, amene amadzaza bwalo la Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Azungu ndi amishoni atabwera, gule anawayang'anitsitsa n'kutulutsa Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, ndipo anthu anaseka mphamvu imene sakanatha kuitsutsa poyera. UNESCO inalemekeza magule awiriwa mu 2005. Sindikunena kuti titengere zilombo pa msika, ayi. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo vimbuza ndi mankhwala a odwala. Ndikunena za khalidwe lake: woseweraye ndi wa pamudzi pomwepo, amaloza ngakhale wamphamvu, ndipo oonerera amayankha.

Ngakhale a masiku a wailesi ankadziwa zimenezi. Julius Chongo, m'pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo ya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ankasewera yekha mawu a anthu onse a m'nthano, ndipo mabanja ankazungulira wailesi osatumidwa ndi munthu. Phunziro linalimo, koma linkabisala m'kati mwa nkhani yokoma. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia ndi mphunzitsi wawo Michael Etherton anali ndi bwalo lawo lapamtetete lotchedwa Chikwakwa, ndipo ankapita m'zigawo kukapanga masewero pamodzi ndi anthu a kumeneko m'zilankhulo zawo. Zaka makumi asanu zapita, ife tasunga ng'oma yoitanira anthu n'kutaya mbali yowamvera.

Ena anena kuti ndikulankhula ngati munthu wa malipiro a pamwezi, ndipo sakulakwa. Achinyamata aja alibe holo, alibe wogula tikiti. Kandalama ka bungwe ndi sikipa ndiwo malipiro okhawo amene luso lawo linawabweretserapo. Ine amene, pokonzekeretsa ana a sukulu ku mipikisano ya NASAAZ, ndawauzapo kuti amalize ndi uthenga womveka kuti oweruza asangalale. Choncho mlanduwu ndili nawo. Koma njala ya wosewera siisandutsa sewero lofooka kukhala labwino, ndipo tikaopa kunena, mnyamata waluso uja adzakalamba akugwada pamaso pa munthu wa fayilo.

Ndalama zina zilipo pafupi. Thumba la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo muli gawo la achinyamata. Gulu lolembetsedwa lingathe kupempha, monga apemphera a nkhuku ndi a makina osokera. Wailesi ya Chikaya ili m'tauni momwemo, ndipo sewero la mphindi khumi la m'Chitumbuka kapena m'Chichewa silifuna siteji. Palinso njira yakale kwambiri, yoyendetsa chipewa sewero likatha. Ndalama za m'chipewa n'zochepa, koma wopereka ndi mayi wa tomato, ndipo gulu lodya za m'manja mwake lidzayamba kumufunsa chimene chikumusowetsa tulo.

Munthu wa ku Lusaka mukamutchulira Lundazi amakumbukira Castle Hotel, chinyumba chonga linga la mafumu a ku Ulaya chimene Errol Button, bwanamkubwa wachitsamunda wa boma lino, anamangitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. N'chokongola, ndipo alendo amajambulitsapo. Koma ndikanakonda tsiku lina atamakumbukira sewero la sikelo, limene linayambira pa msika uno, anthu n'kulijambula pa foni, n'kufika pa WhatsApp ku Kanyama ndi ku Mzimba, anthu akukangana kuti wolakwa ndani.

Sewero litatha ndinamupeza mnyamata uja akumanga ng'oma pa njinga. Ndinamufunsa kuti akanamusiya, akanawayankha chiyani mayi amene anati mwana si mbuzi. Anaseka, n'kunena kuti sakudziwa, ndipo nkhaniyo imuvutitsa usiku wonse. Woyang'anira anamuitana kuti akasaine pepala la anthu amene afikiridwa ndi uthenga. Mayi wa tomato anali atabwerera kale pa malo ake, akuwaza madzi pa milu yake.