Udani Wochita Kulemba: Tiwaonere Bwanji Masewera Ogwetsana?

Kuno kwa Champiti m'boma la Ntcheu, monganso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, mwana amene sadziwa dzina la phungu wa dera lake amatchula mosadodoma maina a John Cena, Roman Reigns ndi Undertaker. Amawaona m'nyumba zoonetsera kanema za pamsika, m'mafoni a akulu ake, ndiponso pa SuperSport, imene yakhala ikuonetsa masewera ogwetsana a WWE kuyambira mu 2017. Makolo ambiri timangoti ndi zabodza, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chinthu chimene chazika mizu chotere m'mitima ya ana athu chiyenera kuunikidwa mofatsa.

Tiyambe ndi mawu akuti zabodzawo. Eni ake sabisa. Mu 1989 kampaniyi, imene panthawiyo inkatchedwa WWF, inavomereza pamaso pa aphungu a ku New Jersey kuti imaonetsa zosangalatsa chabe, osati mpikisano weniweni. Wopambana amadziwika asanalowe m'bwalo. Kugwa ndi kuvulala n'zenizeni, koma udaniwo amachita kulemba. Choncho muyeso wake ndi umene timayesera sewero la Tikuferanji: sitifunsa ngati Manganya anachitadi zimenezo, timafunsa ngati nkhani yalukidwa bwino, ndiponso chimene ikufuna kudzala mumtima mwa woonera.

Seweroli limayenda pa anthu awiri, wokondedwa ndi wodedwa, ndipo luso la olemba limaoneka pamene asandutsa wokondedwa kukhala wodedwa. Chitsanzo chachikulu ndi cha Hulk Hogan. Kwa zaka zoposa khumi anali ngwazi ya ana, wowalangiza kupemphera ndi kulimbitsa thupi. Mu 1994 analowa kampani ina, WCW, ya mpondamatiki Ted Turner, ndipo mu July 1996 anatembenukira anzake n'kugwirizana ndi Scott Hall ndi Kevin Nash. Oonera anaponya zinyalala m'bwalo chifukwa cha mkwiyo. Kutembenukaku kunagwira mtima chifukwa kunachokera m'nkhani ya Hogan mwini: anthu anali atayamba kale kutopa naye, ndipo olemba anangopatsa kutopako mawu. Zitatero, pulogalamu ya WCW inaposa ya WWF pa chiwerengero cha oonera kwa masabata 83 otsatizana, kufikira WWF inadzuka, n'kudzagula WCW mu March 2001.

Tiyerekeze ndi za John Cena. Mu March 2025, atakhala wokondedwa kwa zaka pafupifupi 20, anaukira Cody Rhodes ku Toronto. Dziko linadzidzimuka, koma zifukwa zake zinali zosamveka, ndipo pofika mu August chaka chomwecho anabwereranso ku ubwino popanda kufotokoza kogwira mtima. Kudzidzimutsa anthu n'kosavuta. Kuluka nkhani yoti munthu aikhulupirire ndiye ntchito.

Pali njira yachitatu yopangira wodedwa, ndipo ndiyo itikhudza ife Asilamu. Olemba akasowa nzeru amapita kukabwereka chidani chimene chilipo kale kunja kwa bwalo. Hossein Khosrow Vaziri, katswiri weniweni wa masewera ogwetsana wa ku Iran, anatchuka ndi dzina lakuti Iron Sheik pamene ubale wa America ndi Iran unali utaipa kuyambira mu 1979. Ntchito yake inali kunyamula mbendera ya Iran kuti khamu limukuwize, ndipo mu January 1984 anagonja kwa Hogan kuti Hoganyo akwezeke. Mu 1990, nthawi ya nkhondo ya ku Kuwait, Sgt. Slaughter anamusandutsa wotsatira dziko la Iraq pa chifukwa chomwecho.

Choipa koposa chinadza mu 2004 ndi munthu wotchedwa Muhammad Hassan. Amene ankasewera mbaliyi ndi Marc Copani, mbadwa ya ku New York ya makolo ochokera ku Italy. Poyamba nkhani yake inali ndi nzeru: mnyamata wachiarabu wobadwira ku America amene akudandaula za tsankho limene linakula pambuyo pa 11 September 2001. Madandaulo akewo anali oona, komabe oonera anaphunzitsidwa kumukuwiza. Kenaka olemba anamupatsa amuna obisa nkhope kuti aukire Undertaker, iye atagwada ngati akupemphera. Gawoli linaonetsedwa pa 7 July 2005, tsiku limene mabomba anaphulika ku London. Wailesi ya kanema ya UPN inakana kumuonetsanso, ndipo ntchito ya Copani m'bwalo inathera pomwepo, anadzakhala mphunzitsi. Uku sikulemba kwaluso. Ndi ulesi wovala nsalu ya chipembedzo cha anthu ena.

Kuti Msilamu angathe kukhala m'seweroli popanda kusandutsidwa choopsezera, tinaziona mwa Sami Zayn, wobadwira ku Canada kwa makolo ochokera ku Syria. Nkhani yake ya 2022 ndi 2023 inali ya munthu wofunitsitsa kulandiridwa m'banja la Roman Reigns, wopirira kunyozedwa kuti angokhala nawo. Mu January 2023 anamupatsa mpando wachitsulo kuti amenye nawo mnzake wakale Kevin Owens, atamangidwa manja. Anazengereza, ndipo pomaliza anamenya Reigns. Chikhamu chinafuula chifukwa aliyense amadziwa kulemera kwa tsiku losankha pakati pa gulu lamphamvu ndi chikumbumtima. Chipembedzo chake sichinagulitsidwe m'nkhaniyi. Mu May chaka chomwecho anachita Umrah ku Makka, ndipo ku Jeddah analankhula ndi oonera m'Chiarabu.

Lero mpikisano wa makampani wabwereranso. AEW, imene anayambitsa Tony Khan mu 2019, yachititsa kuti osewera akhale ndi kwina kopita akapatsidwa mbali yowanyozetsa. Komabe tisaiwale kuti makampani onsewa amagulitsa katundu mmodzi, ndiye mkwiyo wa woonera. Njovu zikamalimbana umavutika ndi udzu, ndipo udzu wa pano ndi mwana wokhala pabenchi la m'nyumba ya kanema.

Kugwetsana pakokha si chachilendo kwa ife, pakuti mabuku a mbiri amasimba kuti Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anagwetsa Rukana, yemwe ankadziwika ndi mphamvu. Chachilendo ndi kuphunzira kudana ndi munthu chifukwa wolemba wina wafuna. Ana amatsanzira kudumpha ndi kukanyanga pakhosi, ndipo tiyenera kuwaletsa mwamphamvu, chifukwa amene amawatsanzirawo anaphunzira kugwa kwa zaka zambiri, komabe amathyoka. Koma amatsanziranso chidani, chimene sichioneka pathupi. Mwana akabwera kuchokera ku kanema, timufunse mafunso awiri: amene umamukuwiza uja walakwa chiyani, ndipo ndani wapindula ndi kukuwa kwako? M'mera mpoyamba. Mwana wozolowera mafunso amenewa adzawafunsanso akadzakula, tsiku limene wandale kapena mlaliki adzamuloza mnansi wake n'kumuuza kuti mdani ndi uyo.